Wobwerera ku Joni akonzeke asanatsike pa Thabwa

Sabata yachiwiri ya Januwale, m'bandakucha, pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula pamaima anthu osavuta kuwazindikira. Pamene ankatsika minibasi mu Disembala anali ndi zikwama zikuluzikulu zamizeremizere zokulungidwa ndi tepi, mabulangete, wailesi, ena mpaka njinga ya mwana. Lero ali ndi kachikwama kamodzi kakumsana, ndi kathumba ka mpunga kapena ka makakana ouma kamene amayi awo awakakamiza kutenga. Mkazi waima chapatali, mwana ali kumsana, maso ali kumsewu. Awa ndi a ku Joni, akubwerera.

Za ulendo woyamba wa ku South Africa zimakambidwa kwambiri: kugulitsa mbuzi, kukongola ndalama ya pasipoti, mapemphero a usiku wotsazikana. Za ulendo wachiwiri, wa munthu amene anabwera kudzaona kwawo n'kukhalitsa, sizimveka kawirikawiri. Chonsecho akuluakulu a kuchigwa kuno amene anayendapo amati wovuta ndi umenewu. Popita koyamba munthu amakhala alibe choti n'kutaya. Pobwerera amakhala atasiya ntchito m'manja mwa mnzake, chipinda m'manja mwa mwini nyumba, ndipo ndalama imene anaisunga zaka ziwiri yapita m'masabata asanu ndi limodzi.

Akuluwa sanena zongomva. Chigwa cha Shire chinayamba kale kutumiza ana ake kunja. Njanji ya pakati pa Blantyre ndi Port Herald, imene lero ndi Nsanje, inatsegulidwa mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935 munthu ankatha kukwera sitima mpaka ku Beira osaoloka pa bwato. Ena ankapita kukadula nzimbe ku Sena Sugar Estates, ku Marromeu ndi ku Luabo. Ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi kupita ku Southern Rhodesia, ena ndi la Wenela kupita kumigodi ya golide. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali kumigodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene inkabwezera anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi 74 anafera pomwepo. Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito yakumigodi. Njira inatsegukanso mu 1977 pansi pa TEBA, imene agogo amaitchula kuti Theba, n'kudzatsekeka mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a anthu ofuna ntchito. Dzina lokha ndi limene latsala pa depoti ya mabasi ya Wenela mumzinda wa Blantyre.

Moyo wa kumgodi unali wankhanza, ndipo palibe nkhalamba imene imausirira. Koma pali chimodzi chimene nkhalamba za Theba zimaloza zikamaona adzukulu awo akuvutika. Kontrakiti inali ndi tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza. Gawo lina la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandirire kumudzi, kotero ngakhale womwa mowa ankafika ndi kanthu. Mnyamata wa lero amene amatchetcha kapinga ku Randburg, kapena mtsikana amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town, alibe kalaliki womuwerengera masiku ngakhale womusungira ndalama. Ukalaliki umenewo ayenera kudzichitira yekha, ndipo nthawi yake ndi asananyamuke ku Joni, minibasi isanayambe kutsetsereka m'makhotamakhota a phiri kulowera pa Thabwa. Akangofika pansi, kutentha kwa chigwa ndi nthungululu za pakhomo zimamuiwalitsa zonse.

Choyamba kuwerenga ndi masiku. Lamulo la zantchito ku South Africa limapatsa wantchito tchuthi cha masiku 21 otsatizana pachaka, ndipo makampani omanga amatseka pakati pa Disembala n'kutsegulanso chakumayambiriro kwa Januwale. Basi yochokera ku Johannesburg, kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue ndi Mwanza, imadya pafupifupi masiku awiri, ndipo mzere wa pa Beitbridge nthawi ya Khirisimasi umatha kuwonjezera lina. Kupita ndi kubwerera, masiku anayi kapena asanu athera panjira. Koma kumudzi masiku sawerengedwa motero. Pali chiliza cha agogo choti chimangidwe, pali mlandu wa malire a munda kwa anyakwawa, pali malowolo a mng'ono, kenaka pagwa maliro. Aliyense amati dikirani pang'ono, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Masabata atatu amasanduka miyezi itatu.

Ku Joni nako zinthu sizinaime. Mnzake uja anamusiyira kuti azimugwirizira ntchito ali ndi ana akenso oti adye, ndipo bwana akazolowera nkhope yatsopano safunsanso za yakale. Ubwenzi wa anthu a mudzi umodzi watha kambirimbiri pa nkhani imeneyi. Akulu amalangiza kuti tsiku lobwerera ligwirizanidwe ndi bwana munthu asanachoke, ndipo lilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pokha, kuti pakhale umboni. Wogwirizira auzidwe poyera, pamaso pa munthu wachitatu, kuti ntchito ndi ya miyezi ingati ndipo adzaibweza liti. Lendi ya chipinda ilipiridwiretu, chifukwa mwini mkhukhu ku Diepsloot kapena ku Dunoon sasunga katundu wa munthu amene sakuyankha foni. Ndipo pali chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Mu 2008 khoti la zantchito la ku South Africa linagamula, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo amene alibe chilolezo chogwirira ntchito amatetezedwabe ndi malamulo a zantchito. Wochotsedwa mopanda chilungamo atha kukadandaula ku bungwe lomva madandaulo a zantchito la CCMA, koma ayenera kutero pasanathe masiku 30. Amene walandira uthenga womuchotsa ali ku Tengani, n'kukhalabe miyezi iwiri akudikira chimanga chachiwisi, wadzitsekera yekha khomo limenelo.

Wa kuchigwa ali ndi chifukwa china chofulumirira chimene wa ku Mzimba kapena wa ku Mangochi sachidziwa kwenikweni. Tchuthi cha ku Joni chimagwera pakhomo pa nyengo ya madzi. Mu Januwale 2015 madzi anazinga Makhanga, anthu n'kumapulumutsidwa pa mabwato ndi ndege. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadula msewu wa M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa n'kuononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Wokhala kutsidya la kum'mawa kwa Shire, ku Muona kapena ku Makhanga, amadziwa kuti chikokolokereni njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, kuoloka pa Mtayamoyo ndi kwa bwato, ndipo madzi akakwiya mabwato amaima. Tikiti ya basi yonyamuka pa Wenela Lachinayi ilibe ntchito kwa munthu amene watsekeredwa kutsidya. Ndi bwino kukwera ku Blantyre tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanafike, n'kukagona kwa mbale ku Ndirande kapena ku Bangwe, kusiyana n'kumapenya mitambo pakhonde.

Malire nawo amatha kutsekeka osachenjeza. Amene anabwera Khirisimasi ya 2020 akukumbukira kuti pa 11 Januwale 2021 boma la South Africa linatseka zipata zake zapamtunda, Beitbridge yomwe, mpaka pa 15 Febuluwale chifukwa cha Covid-19.

Tsono nkhani ya ndalama, imene akulu amaikamba motsitsa mawu chifukwa imakhudza aliyense pamudzi. Munthu wochokera ku Joni amafika ngati mvula yoyamba. Asanavule nsapato, ana a pamudzi amuzungulira. Azakhali abwera ndi nkhuku, ndipo nkhuku imeneyo ili ndi tanthauzo. Madzulo anzake akale amukokera kokamwa uchema kapena ku bala pa Ngabu, ndipo wogula ndi iyeyo, chifukwa akapanda kugula adzati Joni yamukanika. Marandi akasinthidwa amaoneka ambiri, makamaka chigwereni kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma simenti, malata, shuga ndi feteleza zinakwera limodzi ndi kugwa kumeneko, ndipo mtolo wa ndalama umene unkaoneka ngati wosatha umaphwa ngati madzi a m'dambo mu Okutobala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pano pafunika kunena mwachilungamo. Opempha ambiri sapempha mwadyera. M'chigwa momwe chaka chikavuta anthu amapalasa bwato kukazula nyika m'madambo a Ndindi ndi Elephant Marsh kuti ana adye, mwana wa pakhomo amene wabwera ndi kanthu sangakhale wouma manja, ndipo wolemba nkhani ino sangamulangize kutero. Chimene akulu amakana ndi kupatsa kopanda mutu, kongofuna kutamandidwa. Amati tsiku loyamba lenileni munthu akhale pansi ndi mkazi wake, kapena mwamuna wake, pamodzi ndi wamkulu mmodzi wa pabanja, kaya ndi atsibweni kwa Amang'anja kapena abambo aakulu kwa Asena, n'kugawa ndalama poyera: iyi ya fizi, iyi ya munda, iyi ya achibale, iyi ya chisangalalo. Wamkuluyo ndiye amathandiza kuyankha opempha ikatha ya achibale, ndipo mawu ake amamveka kuposa a mnyamata.

Ndalama ina isafike n'komwe kumudzi. Tikiti yobwerera igulidwiretu, ndipo ya chakudya ndi thiransipoti ya mwezi woyamba itsale ku Joni, m'banki kapena kwa munthu wodalirika, popeza malipiro oyamba sadzabwera mwezi usanathe. Palibe chomvetsa chisoni ngati kuona munthu amene anatsika mu Disembala atavala magalasi akuda akuzungulira mu Febuluwale kufuna katapila, kapena akugulitsa wailesi yomwe ija pa theka la mtengo, kapena akupempha wa thiransipoti kuti amutenge pa ngongole. Wotereyu amakafika ali kale ndi mwini wake, ndipo miyezi itatu yoyamba amagwirira ntchito ngongole, kumudzi osatumiza kanthu pa Mukuru, nthawi yomwe njala ili pachimake.

Za pasipoti sizifuna mawu ambiri, koma zalira anthu. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30 ngati mlendo, ndipo masiku amenewo si chilolezo cha ntchito. Kuyambira mu Meyi 2014, wopitiriza masiku ake akamatuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati anapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati anaposa pamenepo. Ambiri amadziwira pa Beitbridge pobwerera kuti chidindo chimene anawadinda potuluka chinali cha chiletso. Apa ndi pamene pamatulukira anthu olonjeza kugulitsa masiku, kudinda zidindo zabodza, kapena kuolotsa munthu pa Limpopo usiku, mtsinje wa ng'ona ndi achifwamba umene nthawi imeneyi umakhala wodzaza. Mapeto a njira zimenezi kawirikawiri ndi ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungirako anthu oti abwezedwe kwawo. Mnyamata atsegule pasipoti yake ali pakhomo, awerenge chimene chinadindidwa, aone tsiku lotha ntchito. Amene ankayembekeza kukonzetsa yatsopano m'masabata awiri anaona zakuda kumayambiriro kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo m'dziko muno.

Thupi nalo limanyamula katundu wosaoneka. Chigwa cha Shire ndi dera la malungo, ndipo Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya udzudzu. Munthu amene wakhala zaka zingapo ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kumene udzudzu wa malungo kulibe, thupi lake limaiwala kulimbana nawo. Iye amadziona ngati mwana wa pompano, amagona panja pa mphasa chifukwa cha kutentha, neti osaifuna. Malungo amadzaonekera patatha sabata imodzi kapena masabata awiri, ali kale kuntchito, ndipo amayamba ngati chimfine. Amagula Panado pa shopu, tsiku lachitatu wakomoka. Chaka chilichonse madokotala a ku South Africa amachenjeza za anthu obwerera kutchuthi motere. Wotentha thupi atangobwerera athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kwa namwino akhale akuti wachokera ku Malawi, kudera la malungo, amuyeze magazi. Amene ali pa ma ARV, kapena pa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, apite kuchipatala cha Ngabu, cha Nsanje, cha Trinity ku Muona kapena cha St. Montfort ku Nchalo masiku akadalipo, afotokoze za ulendo wake, atenge mankhwala okwanira ndi kalata yosamutsira, ndipo buku lake la kuchipatala liyende naye. Mwamuna ndi mkazi amene akhala motalikirana zaka ziwiri akayezetsere limodzi. Manyazi a tsiku limodzi pa nkhani imeneyi apulumutsa mabanja ambiri.

Ndiye pali chimene anyamata sachitchula, koma nkhalamba za Theba zimachidziwa bwino. Masabata oyamba atabwerera ndi olemera. Kumudzi munthu anali achimwene, anali alamu, anali bambo a uje, ankapatsidwa mpando ndi madzi osamba m'manja. Ku Joni wabwerera m'kachipinda ka malata, akudzuka 4 koloko kukakwera takisi, akuitanidwa ndi dzina loyamba ndi mwana wa abwana. Akamva sayirini ya apolisi mtima umagunda. Mwana amene sabata yoyamba ankamuthawa, n'kubisala kuseri kwa chitenje cha amake, anali atangoyamba kumene kunena kuti ababa ndi kumutsatira kudimba, ndipo tsopano akulira pa foni. Chakudya sichikoma, tulo sitibwera. Ena amathawira ku mowa, ena kwa mkazi wa pafupi, ndipo apa ndi pamene uchona umayambira, chifukwa machona akale aja sanachite kuganiza tsiku limodzi kuti sadzabwereranso. Ankangozengereza kulemba kalata, mwezi uno n'kuti mwezi wamawa, mpaka manyazi anakula kuposa chikhumbo cha kwawo.

Akulu amati kulemera kumeneku kumapita, ndipo sikutanthauza kuti munthu walakwitsa kubwerera. Akafika, Lamlungu loyamba apite kutchalitchi kapena Lachisanu kumzikiti kumene kuli anzake a kwawo, akagawe mpunga ndi nsomba zimene anapatsiridwa, akapereke moni wa kumudzi kwa eni ake. Kuimba foni kunyumba kukhale ndi tsiku lake lodziwika, ngakhale pamene palibe ndalama yotumiza, kuti mkazi ndi ana asazolowere kuti mawu a bambo amamveka pokhapokha pali nambala ya Mukuru.

Funso limene agogo amafunsa mdzukulu madzulo otsazikana ndi lakuti akubwerera kukatenga chiyani, ndipo adzachipeza liti. Wa Theba ankatha kuyankha: njinga, makina osokera, ng'ombe ziwiri. Wa lero ayankhenso. Ngati ndi nyumba, imangidwe kumtunda, ngakhale makolo atakakamira pamalo akale pafupi ndi madimba, chifukwa Shire, Ruo ndi Mwanza zagwetsa kale nyumba za njerwa zootcha zimene zinadya thukuta la zaka zisanu za ku Joni. Ngati ndi ng'ombe, zimene kuchigwa kuno ndiye banki, padziwike woziyang'anira, khola lake, ndi chimene iye adzapindule, ndipo anyakwawa adziwe. Ngati ndi munda, munthu afunse bwino za ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, ndipo aonetsetse kuti polemba eni malo dzina lake kapena la mkazi wake lalembedwa, chifukwa wosakhalapo amaiwalika msanga pogawa.

Nkhalamba zomwezi zili ndi phunziro lina lowawa. Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni zolipira amene anadwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi chifuwa chachikulu m'migodi ya golide, ndipo panakhazikitsidwa Tshiamiso Trust yoti izipereka ndalamazo kwa amene anagwira ntchito pakati pa 1965 ndi 2019. Chimene chimafunika ndi umboni: nambala ya kumgodi, khadi, pepala losonyeza zaka zimene munthu anagwira. Agogo ambiri mapepala awo anadyedwa ndi chiswe kapena anapita ndi madzi, ndipo amasiye atsala ndi nkhani yapakamwa yokha. Mdzukulu ali ndi chida chimene agogo analibe. Ajambule pa foni pasipoti, chiphaso cha unzika, mapepala a malipiro, risiti ya malata, kalata ya malo, n'kutumiza zithunzizo kwa anthu awiri, mmodzi wa kumudzi, mmodzi wa ku Joni.

Chomaliza n'chovuta kuchikamba pa tsiku la ulendo, koma chikambidwe. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo ku South Africa, ndipo mu Epulo 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake ku Durban. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso pakati pa mzinda wa Johannesburg, n'kupha anthu 76, Amalawi ali momwemo, ndipo matupi ena anavuta kuwazindikira. Kunyamula maliro kuchokera ku Joni mpaka ku Nsanje kumadya ndalama imene banja la mlimi wa thonje silingaipeze, n'chifukwa chake magulu othandizana pa maliro amene Amalawi amapanga kumeneko ndi ofunika, ndipo amene wakhalitsa kumudzi aonetsetse kuti zopereka za miyezi imene kunalibe zalipiridwa, dzina lake lisafufutidwe. Asanakwere minibasi, asiye kwa atsibweni kapepala kolembedwa bwino: dera ndi msewu umene amakhala, dzina limene amadziwika nalo kumeneko ngati ndi losiyana ndi la kumudzi, nambala ya bwana, nambala ya mlembi wa gulu la maliro, ndi nambala za anzake awiri amene amamuona tsiku ndi tsiku. Kapepalako akakulunge m'pulasitiki n'kukaika pamwamba, pamene madzi a mu Febuluwale sangafike.